Makalata Atatu Ochokera ku Mozambiki

Stelia anakumana ndi Jonasi pa siteji ya basi ya pa Kamwendo, tcheni cha njinga yake chitaduka. Msilikali wamtaliyo anagwada pafumbi n'kuchilumikiza, osasamala kuti yunifolomu ikuda.

"Ndikuthokozeni bwanji, achimwene?"

"Mungondiuza dzina lanu. Kenako mundiuze kwanu."

Chikondi chinayaka pomwepo! Asananyamuke kukalondera njanji ku Mozambiki, Jonasi analonjeza: "Duwa langa, ndikabwerako tidzamangitsa ukwati ku tchalitchi cha ku Ludzi."

Patatha miyezi inayi, uthenga unafika wakuti zigawenga zamugwira. Nkhondo ya kumeneko inatha, kuno anthu anavotera zipani zambiri, koma za Jonasi kunali zii.

Tsiku lina ansembe anamuitana Stelia n'kumupatsa kalata yomwe inadutsa m'manja mwa anthu othawa nkhondo. Inalembedwa pa pepala la thumba la simenti, zilembo zake zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani.

"Duwa langa, ndili moyo. Akutisunga m'thengo, tikuwalimira ndi kuwasenzera katundu. Usalire. Njala ndimaipirira, koma kukusowa iwe kwandikanika."

Lovemore, kalaliki wa pa esiteti ya fodya amene ankamufunsira kuyambira kale, anaiyerekeza ndi kalata yakale imene Jonasi anamulembera Stelia asanapite ku Mozambiki.

"Taona wekha, Stelia! Analemba ndi munthu mmodzi apa? Wina akukuseweretsa. Msilikali wako anafa."

Mtima wa Stelia unasweka. Zilembozo zinalidi zosiyana. Nanga ndani angakhale wankhanza chotere? Analira mpaka maso kutupa, koma ataiwerenganso anapukuta misozi.

"Zilembo si zake, koma mawuwa ndi ake. Ndidikira."

Kunabweranso makalata awiri. Atsikana anzake ankamuseka pachitsime kuti ali pachibwenzi ndi mzukwa. Ngakhale mayi ake anamuchonderera kuti alole Lovemore. Iye anakana kwamtuwagalu.

M'chaka cha 1994, Stelia akukumba mtedza, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Duwa langa."

Khasu linagwa. Anali Jonasi, wowonda, tsitsi litayamba imvi. Mkono wamanja wa jekete lake unali wopinda, wopanda kanthu.

"Ndinataya dzanja pa bomba la m'nthaka potola nkhuni," anatero Jonasi atazolika. "Anzanga ankafuna kundilembera, ndinakana. Mawu anga akufike kudzera m'dzanja la mwamuna wina? Miyezi isanu ndinkaphunzira kulemba ndi lamanzere, ndi kamtengo pamchenga."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinkaopa. Ngati sundifunanso, ndimvetsa."

Stelia anamuyang'ana mwamuna ameneyu, amene anabwerera ku a-e-i-o-u ali m'ukapolo chifukwa cha iye. Alipo wina wotere m'Mchinji yense?

Anagwira dzanja lotsalalo ndi manja ake onse awiri, dothi lili mbuu, n'kulipsompsona.

"Wopusa iwe," anatero akuseka, misozi ili mbwembwembwe. "Mphete amaveka kumanzere. Tiye tikaonane ndi amalume."