A Malcolm Alibe Malungo

A Malcolm Chidzanja anafika pawindo la kalaliki, pa chipatala china cholipira cha pa boma la Mwanza, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. M'thumba la pamtima munali zolembera zitatu, ngakhale cholemba chinali chimodzi. Ankagwira ntchito pa kampani yothandiza amalonda kuolotsa katundu pa boda, ndipo ankakhulupirira kuti pakanapanda iwo, Malawi ndi Mozambique sakanadziwana.

Koma chinawabweretsa sichinkaopa jekete. Zaka zinali zitapita iwo ndi mkazi wawo, Deliwe, alibe mwana. Deliwe anali atamwa mizu yowawa yonse ya ku Thambani, n'kuyezedwa mpaka ku Blantyre, madokotala osapeza vuto. Ndiye malume ake, a Damiao, omwenso anali nkhoswe, anagamula kuti mkamwini nayenso akayezetse. Akakana, anyamule sutikesi yake, pakuti nyumba ya malata ija inali pa malo a kuchikazi.

Kalaliki wa pawindo, Iness, anawerenga zomwe adokotala analemba.

"Kuyeza umuna," anatero, uku akufufuza pa kompyuta.

"Tsitsani mawu, chemwali," a Malcolm ananong'ona. "Mukulembapo chiyani pamenepo?"

"Nambala yake, bambo. Choyeza chilichonse chili ndi nambala. Ndi yomwe amaona a ku labu, ndiponso a sikimu ya kuntchito kwanu amalipira akaona yomweyo."

Thukuta linatsika m'kolala. M'maganizo mwawo anaona nambala ija ikuyenda wapansi mpaka ku ofesi, madalaivala onse akuipatsa moni.

"Ikanipo ya malungo."

"Ndikaika ya malungo, akuyezani malungo. Ndi zomwe mukufuna?"

A Malcolm anamwetulira momvera chisoni. "Chemwali, za manambala musandiphunzitse. Ine pa boda ndimagona nazo n'kudzuka nazo. Pepala ndi pepala, katundu ndi katundu. Inu lembani malungo, zinazo tikamvana amuna okhaokha."

Iness anaika nambala ya malungo. Ku labu a Malcolm anapezako mayi. Zokamvana amuna okhaokha zija zinathera pakhosi. Mayiyo anayang'ana nambala, n'kuwabaya chala, n'kutengapo kadontho ka magazi.

"Basi?" anafunsa a Malcolm, omwe anzawo anali atawaopseza za kabotolo ndi kachipinda.

"Basi."

"Sayansi yapita patali," anatero akuyamwa chala.

Zotsatira zitatuluka, mayi uja anati sanapeze kanthu. A Malcolm sanadikire kumva zambiri. Anakwera pikapu ya ku Thambani atakhala kutsogolo, ndipo atatsika anagula tambala wamkulu pamsika.

Madzulo ake anaitanitsa a Damiao ndi apongozi. Tambala atalowa m'mbale, a Malcolm anaimirira, n'kumanga mabatani a jekete.

"Akuluakulu, sindine munthu wokonda kudzitama. Koma madokotala andiunika, ndipo akuti mwa ine mulibe kanthu kolakwika. Ndiye poti vuto silili kuno…" Anasiyira pomwepo, maso akuloza kwa Deliwe.

Deliwe anapukuta m'manja, n'kupempha pepala lija. La mtundu umenewo anali ataliona kambirimbiri nyengo ya dzinja. Analiwerenga modekha, n'kulipinda bwinobwino.

"Tiyamike Mulungu, amalume," anatero. "Bambo a kunyumba kuno alibe malungo."

A Damiao anasiya kutafuna. "Kodi amadwala?"

"Ayi."

"Nanga tambalayu wafera chiyani?"

Apongozi anaweramira m'mbale, mapewa akugwedezeka. A Malcolm anayamba kufotokoza za sayansi yatsopano ya pachala, koma mawu ankachepa okha ngati wailesi yotha mabatire.

"Akamwini," anatero a Damiao, "ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma ukatumidwa kukagula mbuzi, n'kubwera ndi lisiti la njinga, pakhomo palibe mbuzi. Sutikesi yanu ija ikadali ndi zipi?"

Alendo atapita, Deliwe ankatsuka mbale kuseri kwa nyumba. A Malcolm anaima pambali, jekete ili m'manja.

"Ndimaopa kuti ku ofesi andiseka," anatero.

"Ine akhala akundiseka pa mjigo zaka zonsezi," anayankha Deliwe, osatukula mutu. "Kumeneko kulibe nambala ina yoti munthu n'kuikapo."

A Malcolm anayang'ana botolo la mizu lomwe linali pawindo, lotsala pang'ono kutha.

Lolemba anafikanso pawindo la kalaliki lija, malaya okha, Deliwe ali pambali pawo. Pabenchi panali anthu ambiri, kuphatikizapo dalaivala wina wa kuntchito kwawo.

"Mwabweranso, bambo?" anafunsa Iness. "Malungo aja avuta?"

A Malcolm anacheukira dalaivala uja.

"Ayi, chemwali. Ikanipo nambala ya zomwe adokotala analemba."

"Ndiye musainire apa."

Anapapasa pamtima, koma zolembera zonse zitatu zinali zitatsala mu jekete. Deliwe anatsegula chikwama chake n'kuwabwereka cholembera chake.