Luzia Ndi wa Kwa Yani?

Atangomuika Laxon m'manda kuseri kwa mabani a fodya, pafamu ina ku Tengwe, kapitawo anauza mkazi wake Keziya kuti nyumba ya m'komboni ikufunika pofika Loweruka, kwabwera banja lina lochokera ku Tete. Keziya anangoti, "Chabwino." Misozi inali itamukana chichitikire maliro. Ankangoyenda, kuphika, kukhala pansi, osamva kanthu.

Za iye zinali zapafupi: lole ya Ulere, yonyamula antchito obwerera ku Nyasalande osalipira, inkadutsa pamsewu. Nkhani inali pa Luzia, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene Laxon anabereka ndi mkazi wake woyamba, Mshona wa mtundu wa Akorekore wa ku Hurungwe, yemwe anatsogola kale. Keziya anamulera ndithu, kumudyetsa, kumusambitsa. Koma chikondi ayi, tisanamizane.

Loweruka m'mawa anthu awiri anakhala pansi pa mtengo kuti agamule za mwanayo: a Lazalo, akulu ake a Laxon, ndi Sekuru Gatsi, malume ake a Luzia.

"Ife Achewa sitilanda ana," anatero a Lazalo mwaulemu. "Mwana ndi wa kwa mayi ake. Malume ndinu, mbumba ndi yanu. Mutengeni."

Sekuru Gatsi anawomba m'manja, nayankha m'Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chishona. "Aiwa, mukwasha, mkamwini wathu. Kwathu mwana ndewa baba, ndi wa bambo ake. Ng'ombe munapereka, magazi ndi anu. Ndikamutenga ine ndakuberani, mizimu yanu sidzandigoneka tulo."

Ha, ulemu wakewo! Aliyense kukankhira mnzake, aliyense kudziona wolungama. Posakhalitsa mawu anakwera, zala zinayamba kulozana.

"Alamu," analowererapo Keziya, "chonde, nanga mwanayu agona kuti lero?"

"Mlamu, za mbumba ya eni zisiyeni. Simunabereke ndinu!" anakalipa a Lazalo.

Keziya analowa m'nyumba, nakankha chitseko cha malata kuti phwa, nayamba kumanga katundu wake. Kunja phokoso linapitirira, kenaka linatha. A Lazalo anakwera njinga poganiza kuti malume adzichepetsa n'kumutenga mwanayo. Sekuru anagwira njira ya ku Hurungwe poganiza zomwezo.

Atatuluka masana, Keziya anapeza a ku Tete aja ataima ndi mphasa zawo, akudikira nyumba. Pakhomo panali Luzia, kaphukusi pamiyendo, misozi itaumira m'masaya.

"Amayi, sekuru ati ndidikire atate aakulu. Atate aakulu ati ndidikire sekuru. Ayambe kubwera ndani?"

Kumsewu lole inaliza hutala. Keziya anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Anadziwa kuti kwawo ku Dowa akamufunsa: mwana wolankhula Chishona ameneyu wamutola kuti, akalima munda wa yani? Mumtima munali zii, ngati m'bani atachotsamo fodya.

Anatula katundu wake, namasula mfundo. Anatenga kaphukusi ka Luzia, madilesi awiri ndi chipewa cha bambo ake, naponya momwemo, namanga mfundo imodzi. Apo m'pamene misozi inatsika, yambiri, osaipukuta.

"Nyamula ketulo. Wina akakufunsa panjira, uziti ndiwe wa kwa mayi ako."

"Amayi ake ati?"

"Iwe, ukuonapo angati pano? Fulumira, lole itisiya."