Mzati Wobisika M'khoma

Chimwalirireni mwamuna wake, mayi wina sanaone mtendere m'nyumba ya alendo ya kwawo kwa mwamunayo. Inali nyumba yakale yosanja imene anamanga agogo a malemuyo, ya makoma onenepa a njerwa zootcha ndi mitanda yolumikizidwa ndi zikhomo, yopanda msomali ndi umodzi womwe. Iye ndiye ankasesa, kuphikira alendo ndi kusamalira apongozi ake, amene miyendo inawakana kalekale moti ankangogona m'chipinda chapamwamba. Koma kwa apongoziwo dzina lake linali limodzi basi: wobwera.

Tsiku lina m'mawa mlamu wake, mng'ono wa malemu, anatulukira ndi chihamala paphewa. Mkuluyu ankadziyesa katswiri pa chilichonse, chonsecho sanakhomepo ndi shelefu yomwe.

"Khoma ili lapakati pa khitchini ndi chipinda chodyera likugwa lero," anatero. "Ndikufuna bala yaikulu ya mowa. Amayi avomera kale."

"Alamu, chonde," mayiyo anagwada. "M'khomamo muli mzati. Agogo anaukutira ndi njerwa, koma ndi umene wanyamula chipinda cha amayi. Achimwene anu ankandionetsa chaka chilichonse akamalimbitsa zikhomo."

"Iwe undiphunzitse nyumba ya kwathu? Unabadwira muno iwe?"

Anamenya khoma kamodzi, fumbi koboo! Mayiyo anamugwira mkono. Mlamuyo anatembenuka, kumuwaza mbama n'kumukankhira patebulo. Mbale zinasweka, mlomo unang'ambika, magazi chuchuchu pabulauzi. Atayesa kudzuka, mlamu uja anamukoka tsitsi, kumuponyera pakhonde n'kumenyetsa chitseko.

Ali panjapo anamva hamala ikugunda, kenako mtanda waukulu unayamba kulira. Anaiwala za mlomo. Anathamangira kumasitepe akuseri n'kukwera mpaka m'chipinda cha apongozi, mmene pansi panali patayamba kale kupendekeka.

"Ndisiye, wobwera iwe!" anakuwa apongozi pamene ankawabereka. "Ukufuna kunditulutsa m'nyumba mwanga?" Anamukanda m'khosi, anamuluma paphewa mpaka mano kulowa. Iye anangolimba mtima n'kutsika nawo, misozi ili mbwembwembwe.

Atangoponda pabwalo, nyumba inagunda ngati bingu. Chipinda chija chinatsika ndi bedi lomwe. Fumbi litazilala anamva mlamu akubuula, mtanda utamupana mwendo. Paja samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Anansi anamusolola ndi mipiringidzo, mwendo utathyoka pawiri, n'kumugoneka pakhonde.

Apongozi ankayang'ana bedi lawo kudzera pakhomo, zitsulo zitapindika, pilo ali pansi pa njerwa.

"Amayi," anabuula mlamu, "muuzeni wobwerayu andipezere galimoto."

"Wobwera uti?" anafunsa apongozi. "Iwe unabadwira muno, koma sudziwa chimene chanyamula bedi la amako. Galimoto akupezera anansiwa. Ukachira usadzapondenso pano ndi hamala."

Anavula chingwe cha m'khosi chimene chinali ndi kiyi wachitsulo wa chitseko chachikulu, amene sanamupatsepo munthu zaka makumi anayi.

"Tenga, mwana wanga. Uitane kalipentala, umuonetse wekha pamene panali mzati. Ine ndakulakwira kokwana."

Mayiyo analandira ndi manja awiri, akulira mokweza. Apongozi anang'amba kansalu kumpango wawo, kumukokera pafupi, n'kuyamba kupukuta bala la paphewa lija, pamene panali mano awo.