Mwana Wogona Nyumba Zitatu

Makina otchedwa Sikelo sankachedwa. Loya ankangoyala mapepala a mlandu pagalasi lake, kuwala kobiriwira n'kudutsa pansi, ndipo munthu asanakhazikike n'komwe pampando, Sikelo inkakhala itawerenga zigamulo zonse zakale n'kunena mwayi wopambana apilo. Pofika chaka cha 2068, mu Blantyre munalibe loya wopanda Sikelo. Pakhomo la khoti panalinso chikwangwani chowala chosonyeza milandu imene loya aliyense wawina ndi imene waluza. Mlandu wochotsedwa usanazengedwe sunkaoneka pamenepo. Dzina la Esinala Kalitera linali lachiwiri kuchokera pamwamba, ndipo tisabise, ankalinyadira koopsa.

Tsiku lina ku ofesi yake kunabwera Fanesi wa ku Phalombe, amene analandidwa mwana wake Mwatipa, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Masiku amenewo mwana aliyense ankavala chibangili chouza a zosamalira ana kumene iye ali. Cha Mwatipa chinasonyeza kuti pa sabata amagona nyumba zitatu. Khoti linati mwanayo alibe pokhala penipeni, n'kumutumiza kumalo osungirako ana.

"Mwayi ndi atatu pa zana," inatero Sikelo.

Esinala anaganiza za chikwangwani chija. "Mayi, apiloyi ingokuvutitsani. Dindani chala apa tiichotse."

Fanesi anali atakana mpando, atagwada pansi, maso pakapeti. Anadinda. Esinala anakulira kumudzi. Ankadziwa bwinobwino kuti mzimayi wogwada pamaso pa munthu wophunzira satsutsa, komanso kuti nkhani ya mwana siithera pa mayi yekha popanda mwinimbumba, malume a mwanayo. Ankadziwa, koma anaichotsabe apiloyo.

Patapita masiku anayi, a Makwinja, mlongo wake wa Fanesi, analowa mu ofesi osagogoda, chipewa chili kumutu.

"Ndinu munamudinditsa mlongo wanga? Ine mwinimbumba ndili moyo? Munamufunsa kuti nyumba zitatuzo n'za ndani?"

"Bambo, makina anaonetsa kuti..."

"Makina ali ndi mbumba? Nyumba ina ndi ya mayi ake a mwanayo, ina ya mayi ake aakulu, ina ya mayi ake aang'ono. Bwalo limodzi! Inuyo, a loya, muli mwana simunagoneko kwa mayi anu aang'ono?"

Anagonako, kambirimbiri. Manyazi anamugwira, kenako mkwiyo, ndipo poti kudzikwiyira wekha n'kovuta, anatembenukira makina.

"Sikelo, atatu pa zanawo unawapeza bwanji?"

"Pa milandu 400 ya ana ogona nyumba zingapo, 12 inapambana."

"Yofika pamaso pa woweruza inalipo ingati?"

"12. Ina yonse maloya anaichotsa. Wochotsedwa ndimauwerenga ngati woluza."

Onse amene anafika kwa woweruza anabwezeredwa ana awo. Onse! Maloya ankathawa milanduyi chifukwa Sikelo yanena kuti njoluza, ndipo Sikelo inkati njoluza chifukwa maloya aithawa. Anthu a mikanjo yakuda, olumbira kumenyera makolo, ankadyetsana mantha ndi galasi kwinaku ana a eni akukulira m'manja mwa alendo.

"Mwa yochotsedwayo, yanga ndi ingati?"

"29."

Esinala anamenya galasilo ndi chikhatho mpaka mapepala anauluka. Sikelo sinaname, inangowerenga zimene maloya anaipatsa.

Lamulo linali louma. Apilo yochotsedwa ndi chala siinkatsegulidwanso, pokhapokha loya atalumbira pasanathe masiku khumi ndi anayi kuti analangiza kholo mofuna kudzipindulira yekha. Kwa amayi 28 enawo nthawi inali itadutsa kalekale. Kwa Fanesi kunatsala masiku khumi.

"Ndikalumbira, bambo," anatero.

"Lumbirani," anayankha a Makwinja. "Musayembekeze kuti ndikuthokozani."

Analumbira. Anamuimitsa ntchito zaka ziwiri, dzina lake n'kuzimitsidwa pachikwangwani. Mlandu unadikira pamzere miyezi isanu ndi iwiri, ndipo utafika kwa woweruza, loya wina anauwina m'mawa umodzi wokha.

Mwatipa atabwerera, Esinala anapita ku Phalombe kukapepesa. Anapeza nyumba zitatu zija zitayang'anizana, zoyandikana moti chingwe chimodzi choyanikira zovala chinkakwanira zonse. Fanesi anamuyalira mkeka osamuyang'ana. Ali mkati mopepesa, mayi aang'ono a Mwatipa anaitana ali pakhonde pawo.

"Mwatipa, bwera kuno mwanawe, ndakuwotchera chinangwa."

Mwanayo anakakamira chitseko cha nyumba ya mayi ake, dzanja lina litaphimba chibangili.

"Sindibwera. Akandiona kwanu adzanditenganso."

Esinala anaweramitsa mutu, mawu opepesa atamuthera. Khoti linabweza mwana kwa mayi mmodzi, koma linamulanda ali ndi amayi atatu.