Mapaipi a Pansi pa Bwalo

M'nyumba mwathu, muja mwa pangodya ya bwalo la masewero la pakoleji, munalibe ndewu kapena bodza. Tinkapemphera m'mawa uliwonse, ndipo ine ndikayambitsa nyimbo malata ankanjenjemera. Ndi mmene tinalerera mwana wa malemu mlongo wanga, yemwe anzake ankamutcha Liwiro.

Bwalo limenelo ndinalipanga ndine. Linali dambo la achule aakulu ngati mbuzi. Ndinalikumbira ngalande ndekha, khasu limodzi, sabata imodzi, ndipo kwa zaka makumi anayi kapinga wanga anali wofewa moti osewera akagwa ankakana kudzuka.

Akuluakulu a koleji ataganiza zolikonzanso, kuika mipando ndi njira yothamangiramo, ndinapita kwa kapitawo.

"Mulembeni ntchito mwana wangayu. Akaba ngakhale msomali, mudzanditulutse ine m'nyumba muja."

Anamuika kumbali ya kumadzulo, koyala mapaipi otulutsa madzi pansi pa bwalo.

"Mwanawe," ndinamuuza, "dambo lija silinafe, langogona. Usadumphe paipi ngakhale imodzi."

"Ndamva, malume."

Koma panali dalaivala wa lole ya mchenga, lilime lake ngati uchi. Mkazi wanga akuyanika zovala anamumva kuseri kwa mpanda akunyengerera Liwiro: "Aise, za pansi pa dothi amaziona ndani? Kweza mapaipiwo m'lolemu, ngalandeyo ungokwirira. Tikaweruka tikanyowetse kukhosi."

Sabata isanathe, mnyamata uja anabwera akudzandira.

"Nsapato zatsopanozi zachokera kuti?" mkazi wanga anafunsa. "Nanga fungoli?"

"Amayi, mwalowa liti upolisi?"

Ine, chitsiru chokalamba, ndinaseka n'kumuikira kumbuyo. Ndinati magazi anga saba.

Tsiku lotsegulira bwalo anandikhazika kutsogolo, nditavala jekete, kuti andithokoze pamaso pa anthu. Mpira utangoyamba kunagwa mvula ya madontho ngati mazira. Kumbali ya kum'mawa kwa bwalo madzi anaphwa bwinobwino. Kumbali ya Liwiro kunasanduka nyanja. Goloboyi anatitimira mpaka m'chiuno, ndipo achule anga akale anabwerera ndi zidzukulu zawo.

Kapitawo anakumbitsa pomwepo, anthu akuonerera. M'ngalande munali dothi lokhalokha.

"Madala," anatero osandiyang'ana, "mawu aja munanena nokha."

Liwiro anagwada m'matope. "Malume, ndimati sizidzaoneka."



Apolisi anamutenga. Dalaivala uja sanaonekenso. Ife tinasamukira m'kachipinda kopanda zenera, komwe mluzu wa pabwalo umamveka koma kapinga saoneka. Mwezi watha kunabwera kalata yochokera kundende. Mkazi wanga wandiwerengera katatu: akupempha chikhululuko. Mulungu ndikudziwa wamukhululukira. Ine ndikuyesabe.

Ana inu, musabe n'kumati mwakwirira. Mvula idzafukula ndithu, ndipo woyamba kunyowa adzakhala amene anakukhulupirirani.