Khofi wa pa Mphambano

Musallam sankafuna kumva za foni. Anzake a kudoko la ku Salalah, kumene ankalondera katundu, ankamuseka tsiku ndi tsiku.

"Akulu inu, masiku ano ngakhale ngamila zili ndi nambala."

"Andiimbire ndani?" iye ankatero.

Ankayankha moseka, koma zinali zoona. Zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo amayi ake anamwalira iye ali panyanja. Mkulu wake Suhail anawaika tsiku lomwelo, monga mwa mwambo, ndipo Musallam anangopeza manda. Anayankhula pamaso pa anthu kuti, "Kuyambira lero ndilibe mchimwene." Sanapondenso kwawo. Anali munthu wamakani, ndipo makaniwo ndiwo anakhala mnzake yekhayo.

Madzulo ena akumwa tiyi, dalaivala wa lole wochokera kwawo anamugwira paphewa.

"Achimwene anu ali kayakaya. Sindikudziwa ngati aliona Lachisanu."

Tiyi anamusiya pomwepo. Analiza kagalimoto kake kakale, n'kukwera mapiri dzuwa likulowa. Mumtima munali chinthu chimodzi: kumupeza Suhail wamoyo ndi kumuuza kuti, "Mundikhululukire." Njira yonse ankayeserera mawuwo, ndipo ankamulemera pakamwa.

Atadutsa Thumrait anasiya phula n'kulowa m'chipululu. Apa m'pamene zinamuvuta. Kale kunali njira imodzi. Tsopano malole anali atalemba njira zambirimbiri pamchenga, zonse zofanana. Anatsata ina, inathera pamulu wa miyala. Anabwerera. Anatsata ina, inamubweza pomwe anayambira. Anazimitsa injini kuti aganize.

Kunali zii. Kopanda nyali, kopanda galu, kopanda womufunsa njira. Sanasungulumwepo chotero moyo wake wonse.

Kenaka anaona moto.

Unali waung'ono, pamphambano pomwepo. Pambali pake panakhala bambo atakulunga nsalu kumutu ndi kukamwa, maso okha akuoneka. Musallam anatsika.

"Mtendere ukhale nanu."

"Nanunso mtendere. Khalani, mlendo." Mawu ake anali osasa. "Kuli nkhani yanji kumene mukuchokera?"

Funso limeneli yankho lake ndi limodzi, ngakhale nyumba yako ikupsa. Mwamuna sakhuthula zakukhosi pa moni.

"Palibe nkhani. Zabwino zokhazokha."

Bamboyo anathira khofi m'kakapu n'kumupatsa. Musallam anamwa. Anayandikiza manja kumoto, koma sanamve kufunda. Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe galimoto. Panalibe ngamila. Pamchenga panali mapazi a munthu mmodzi, a Musallam yemweyo.

Bamboyo anathiranso.

"Kuli nkhani yanji?"

"Palibe, bambo. Ndasochera basi."

Apa anaona dzanja lothira lija. Chala chaching'ono chinali chopindika ngati mbedza. Ankafuna kunyamuka, koma sunganyamuke mwini moto akukuthirira.

Kapu yachitatu inabwera pang'onopang'ono. Bamboyo sanaitaye m'manja msanga.

"Mwayenda mtunda wonsewu usiku, nokhanokha. Palibe nkhani ngakhale imodzi?"

Mawu aja anakwera mpaka pakhosi. Anatsala pang'ono kutuluka. Koma angamuuze bwanji munthu wosamudziwa manyazi a zaka khumi ndi chimodzi? Mawuwo anali oti akauze Suhail, ndipo anafuna kuwasunga mpaka akafike.

"Palibe," anatero, n'kugwedeza kakapu kusonyeza kuti wakwana.

Bamboyo anausa moyo. Anatenga ndodo yake n'kulemba pamchenga.

"Musatsate matayala. Mulunjike nyenyezi iyo, mudutse pakati pa milu iwiri ya mchenga. Mufika mbandakucha. Ulendo uno simuchedwa."

Musallam anathokoza n'kuthamangira kugalimoto. Atayenda pang'ono anasuzumira pagalasi. Kumbuyo kunali mdima wokhawokha. Ndipo mawu akuti "ulendo uno" anayamba kumuzungulira m'mutu, chifukwa za ulendo woyamba uja, wa maliro a amayi ake, sanamuuze bamboyo.

Anafika anthu akutuluka mu mzikiti. Pakhomo pa Suhail panali magalimoto ambiri, ndipo m'nyumba azimayi ankalira motsitsa.

Tufool, mwana wamkazi wa Suhail, anamuzindikira ngakhale anali ndi imvi.

"Bambo aang'ono, mwabwera. Atisiya dzulo dzuwa likulowa. Tikanakuuzani bwanji? Tinafunsa aliyense, nambala yanu palibe ali nayo." Anapukuta misozi. "Anatichonderera kuti tisawaike usiku. Anati mubwera."

Amuna anamulowetsa kuti athandize kusambitsa thupi. Suhail anali atatha, nkhope ili mafupa okhaokha. Musallam ananyamula dzanja lamanja. Chala chaching'ono chinali chopindika ngati mbedza.

"Chinatani ichi?" anafunsa.

"Chingwe cha ngamila," anayankha nkhalamba ina. "Zaka zisanu zapitazo. Inu kunalibe."

Dzanjalo linkanunkha utsi ndi khofi.

Kumanda anthu ankanong'onezana, pakuti Musallam anali atatchulako za moto uja ndi njira imene anadzera. Ena ankati njira ya pakati pa milu iwiri ija inakwiririka kalekale, ankaidziwa ndi Suhail yekha. Ena ankati pamphambano pamenepo sipakhala nkhuni ngakhale imodzi, ndiye motowo unayaka ndi chiyani? Panalibe amene anafunsa Musallam zambiri.

Anatsikira m'dzenje yekha kukalandira mkulu wake. Ulendo uno sanachedwe. Atamugoneka, anawerama pafupi ndi khutu lokutidwa ndi nsalu yoyera.

"Nkhani ilipo, achimwene," ananong'ona.

Anadikira. Koma anali atafunsidwa kale katatu, ndipo panalibenso womufunsa.