Chubu cha Njinga ya Bambo

Justina ankakhala ku Kaseye. Ankafuna njinga ya bambo ake iyendenso.

Bambo ake anamwalira nthawi ya mvula. Njinga inatsala pakhonde. Tayala lakumbuyo linali lophwa.

Tsiku lina mlongo wake Pius anabayidwa ndi chitsa. Mwendo unatupa. Pius sankatha kuyenda. Chipatala chinali kutali.

Amayi anapopa tayala. Linaphwa. Anapopanso. Linaphwanso. Amayi anakhala pansi. Anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Mama, musalire," anatero Justina. "Tiyeni kwa a Safeli."

A Safeli anali fundi wokonza njinga kumsika. Pius anatsala ndi azakhali. Amayi ndi Justina anakankha njinga. Anakankha, anakankha. Pachipata cha msika amayi anaonetsa khadi la chipani. Masiku amenewo, wopanda khadi sankalowa. Kenako analowa.

"Monire, mama," anatero a Safeli.

"Yewo, adada," anayankha amayi.

A Safeli anatulutsa chubu m'tayala. Apa chigamba. Apo chigamba. Paliponse zigamba! Anachipopa. Anachimiza m'madzi. Thovu linatuluka mbali zonse.

"Chubu ichi chatha," anatero a Safeli. "Tiike chatsopano."

Justina anakumbatira chubu chonyowacho.

"Ayi! Zigambazi anamata ndi bambo anga."

Misozi inatsika. Amayi anayang'ana kumbali.

"Ndikudziwa, mwana wanga," anatero a Safeli. "Sitichitaya. Koma Pius akudikira."

Justina anapukuta misozi. Anavomera ndi mutu.

A Safeli anapita naye pabenchi.

"Ichi ndi chubu chaching'ono. Ichi ndi chubu chachikulu. Sankha."

"Ndidziwa bwanji?"

"Werenga nambala pa tayala."

Justina anachotsa matope ndi chala. Nambala inaoneka.

"Twente-eyiti!"

Anayang'ana chubu chaching'ono. Nambala inali ina. Anayang'ana chachikulu.

"Ndi ichi!"

A Safeli anapapasa mkati mwa tayala. Anapezamo kaminga. Anakazula. Justina analowetsa valavu pabowo. Analowetsa chubu pang'onopang'ono. A Safeli anatseka tayala. Justina anapopa. Anapopa, anapopa. Tayala linalimba gwa!

Amayi anapatsa a Safeli nyemba zam'munda mwawo.

A Safeli anatenga chubu chakale. Anachidula ngati chingwe. Anamangira kansalu pa kaliyala.

"Apa ndi pokhala Pius. Chubu cha bambo chimugwira bwino."

Atafika kunyumba, amayi anakweza Pius pa kaliyala. Anapalasa kupita kuchipatala. Justina anaima panjira. Anayang'ana mpaka njinga inasowa.

Masiku anapita. Mwendo unaphwa. Pius anaponda pansi. Anayenda yekha mpaka pakhomo.

"Mama," anatero Justina, "mawa mundiphunzitse kupalasa."

"Miyendo yako ifika?"

"Ndipalasa choimirira!"

Amayi anaseka. Aka kanali koyamba kuseka chimwalirireni bambo. Justina ndi Pius anawakumbatira.